Asilikali a Loweruka madzulo: mbiri ya gulu loyembekezera nkhondo ku Britain

Msilikali ndi wodula. Boma limamudyetsa, kumuveka, kumupezera pogona, kumulipira mwezi ndi mwezi ndiponso kumusungira penshoni, ngakhale patapita zaka makumi awiri dziko lili pa mtendere. Koma nkhondo yeniyeni ikangobuka, asilikali omwe aja nduna ya zachuma inkadandaula kuti achuluka amapezeka kuti ndi ochepa mwezi usanathe. N'chifukwa chake mayiko ambiri amasunga gulu lachiwiri: anthu wamba okhala ndi ntchito zawo, aphunzitsi, madalaivala, anamwino, amakaniko, amene amaphunzira zausilikali pa nthawi yawo yopuma n'kumadikira tsiku limene boma lidzawaitane. Amenewa ndiwo asilikali oyembekezera. Gulu la ku Britain ndi limodzi mwa akale kwambiri, ndipo mbiri yake imaonetsa poyera ubwino wa ndondomekoyi komanso pamene imatsimphina.

Lero gululi limatchedwa Army Reserve, koma mpaka mu 2014 linkadziwika kuti Territorial Army, ndipo anthu ambiri akadalitchulabe kuti TA. Munthu akalowa sasiya ntchito yake. Amapita kukaphunzira madzulo amodzi pa sabata ku holo ya gulu la kwawo, nthawi zina Loweruka ndi Lamlungu, kenaka kamodzi pachaka amakakhala pa kampu masabata awiri. Ambiri amayenera kukwanitsa masiku 27 pachaka, pomwe a luso lapadera, amene amachokera m'madera osiyanasiyana a dziko, amafunika masiku 19. Amalipidwa pa tsiku lililonse limene wagwira, ndipo akakwanitsa masiku ake n'kukhoza mayeso a mfuti, a thupi ndi a chithandizo choyamba, amalandira ndalama yapadera yosadulidwa msonkho. Amenewa tisawasokoneze ndi aja anali asilikali okhazikika n'kupuma: iwonso lamulo limalola kuti aitanidwenso kwa zaka zingapo, koma ndi gulu lina.

Mwachidule, boma limafuna msilikali wa malipiro a ganyu koma wa luso la munthu wolembedwa ntchito. Mkangano wonse wa zaka zoposa 100 wagona pamenepo, komanso pa funso lina limene lakhala likubwerera m'badwo uliwonse: kodi munthu amene analonjeza kuteteza kwawo, boma lingamutumize kukafera kunja?

Asanabwere a TA kunali magulu atatu. Loyamba linali militia, limene lamulo la 1757 linakonza kuti boma la dera lililonse lizipereka amuna osankhidwa mwa maere, ndipo wolemera ankatha kulipira wina kuti akalowe m'malo mwake. Lachiwiri linali yeomanry, asilikali a pa akavalo amene anayamba mu 1794 poopa kuti France iwoloka nyanja. Munthu ankabwera ndi kavalo wakewake, choncho anali eni minda ndi amalonda opeza bwino. Lachitatu linali la odzipereka a mfuti, lomwe linayamba mu 1859 pamene mantha a France anabweranso mu nthawi ya Napoleon III. Amenewa anali makalaliki, amisiri ndi eni masitolo, ndipo poyamba ankadzigulira okha yunifomu.

Pa magulu atatuwa, la apakavalo lija lili ndi banga losafufutika. Nthawi imeneyo kunalibe apolisi monga tikuwadziwira lero, kotero anthu akachita zionetsero oweruza milandu ankaitana yeomanry. Pa 16 Ogasiti 1819, khamu la anthu pafupifupi 60,000 linasonkhana pa bwalo la St Peter's Field ku Manchester kudzamva Henry Hunt akulankhula zofuna kuti anthu wamba akhale ndi owaimira ku nyumba ya malamulo. Oweruza analamula kuti Hunt amangidwe. Apakavalo a Manchester and Salford Yeomanry, anthu a mumzinda momwemo, ena mwa iwo odana ndi ochita zionetserowo, analowa m'khamu malupanga ali m'manja. Anthu osachepera 15 anafa, mazanamazana anavulala, amayi ndi ana omwe. Tsikulo limakumbukiridwa ndi dzina loti Peterloo.

Kwathu kuno nkhani yotere si yachilendo. Nthawi ya atsamunda azungu a m'minda ndi m'masitolo anali ndi gulu lawo, Nyasaland Volunteer Reserve. Ena mwa iwo anamenya nawo nkhondo ya ku Karonga mu Sepitembala 1914 pamodzi ndi asilikali a King's African Rifles. Patangopita miyezi inayi, John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, gulu lomwelo linali pakati pa amene anasaka otsatira ake ndi kutentha nyumba za anthu m'madera a Chiradzulu. Asilikali oyembekezera amatengedwa pakati pa anthu, inde, koma funso n'lakuti anthu ake ati. Akachokera mbali imodzi yokha, kaya ya olemera, ya mtundu umodzi kapena ya chipani, mfuti zawo sizichedwa kuloza m'kati mwa dziko. Amene anaona a Payoniya asanalandidwe zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993 safunika kuwafotokozera zambiri.

Chimene chinasintha zinthu ku Britain ndi nkhondo ya Mabunu ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902. Mu Disembala 1899 asilikali okhazikika anagonja katatu m'sabata imodzi, ku Stormberg, Magersfontein ndi Colenso. Boma linafuna amuna owonjezera mwachangu, koma lamulo silinkalola kutumiza odzipereka aja kunja kwa dziko. Linachita kuwapempha mmodzimmodzi n'kupanga magulu atsopano monga Imperial Yeomanry. Anapita zikwizikwi, ena osadziwa n'komwe kukwera kavalo bwinobwino. Nkhondo itatha, aliyense anaona kuti dziko linali ndi amuna ambiri ovala yunifomu Loweruka koma opanda mizinga, opanda ngolo zonyamulira katundu, opanda madokotala, opanda wowalamulira mmodzi.

Amene anakonza chisokonezochi ndi Richard Haldane, loya wa ku Scotland amene anakhala nduna ya zankhondo mu 1905 asanavalepo yunifomu. Chipani chake cha Liberal chinkafuna kuchepetsa ndalama za asilikali, ndipo iye anadziikira malire a mapaundi 28 miliyoni pachaka. Lamulo lake la 1907 linaphatikiza odzipereka ndi apakavalo kukhala Territorial Force, yomwe inayamba pa 1 Epulo 1908, pomwe militia inasanduka Special Reserve. Nzeru yake inali yoti gulu latsopanoli lifanane ndi la okhazikika m'zonse: madivishoni (magulu akuluakulu a asilikali zikwizikwi) 14 a oyenda pansi, aliyonse ndi mizinga yake, mainjiniya ake ndi achipatala ake, kuphatikizapo magulu 14 a apakavalo. Kulemba anthu, kumanga maholo ndi kugula yunifomu anazisiya m'manja mwa makomiti a m'madera, momwe munkakhala akuluakulu a kumaloko.

Haldane mumtima mwake ankafuna kuti nkhondo ikayamba, gululi liphunzire miyezi isanu ndi umodzi kenaka likathandize kunja. Koma anadziwa kuti aphungu ambiri a chipani chake komanso atsogoleri a odzipereka akale sakanalola. Atafika ku nyumba ya malamulo anabweza moto, n'kunena kuti ntchito ya gululi ndi kuteteza dziko kumudzi basi. Lamulo linadutsa, koma linasiya gulu lomangidwa ngati lokamenya nkhondo kunja pomwe anthu ake analonjezedwa kuti sadzawoloka nyanja. Mu 1910 anawonjezera kuti wofuna angathe kusaina yekha kuvomera kutumizidwa kunja, ndipo ankapatsidwa kabaji kachitsulo kokhala ndi chisoti chachifumu kovala pachifuwa chakumanja. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe mu 1914, osaina sanafike ngakhale mmodzi pa khumi aliwonse. Chiwerengero nachonso sichinakwane: pankafunika amuna oposa 300,000, anafikapo pafupifupi 270,000 mu 1909, ndipo pofika 1913 anali atatsika kufika cha m'ma 245,000. Okhazikika ankawanyoza kuti ndi asilikali a Loweruka madzulo.

Mu Ogasiti 1914 Lord Kitchener anakhala nduna ya zankhondo. Iyeyu sankawakhulupirira n'pang'ono pomwe. M'malo mokulitsa gulu limene linalipo kale, ndi maholo ake ndi makomiti ake, anayambitsa gulu lake latsopano kuyambira pansi. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati anachita bwino. Chimene sichitsutsika n'chakuti gulu la Kitchener linkafunika pafupifupi chaka kuti likonzeke, pomwe asilikali okhazikika amene anapita ku France ankatha ngati makatani. Mpata umenewo anautseka ndi onyozeka aja. Atafunsidwanso, ambiri anasaina. Divishoni ya East Lancashire inanyamuka kupita ku Egypt mu Sepitembala 1914, ndipo ena anapita ku India kuti okhazikika a kumeneko abwere kudzamenya ku Ulaya.

Oyenda pansi oyamba a gululi kulowa m'moto anali a London Scottish, pa 31 Okutobala 1914, pa chitunda cha Messines ku Belgium. Ambiri anali anyamata a m'maofesi a mu London. Atafika pamalopo ndi pamene anazindikira kuti mfuti zawo, zomwe zinali za mtundu wakale wongokonzedwanso, sizinkagwirizana ndi zipolopolo zatsopano zimene anapatsidwa. Kasupe wokankha zipolopolo anali wofooka, mfuti n'kumatsamwa. Anamenya usiku wonse akulowetsa chipolopolo chimodzichimodzi ndi zala, adani akubwera m'magulumagulu, ndipo pofika m'mawa pafupifupi theka la iwo anali atafa, kuvulala kapena kusowa. Palibe nkhani ina imene imaonetsa bwino mtengo wa kusunga asilikali motchipa: kulimba mtima kunalipo, koma zida anapatsidwa zotsala, ndipo panalibe amene anaziyesa nthawi ya mtendere.

Panalinso mtengo wina umene Haldane mwina sanauganizire. Mphamvu ya gululi inali yoti anthu a m'tauni imodzi, a fakitale imodzi, a tchalitchi chimodzi ankamenyera limodzi, ndipo kapitawo wa kuntchito nthawi zambiri ndiye ankakhala sajeni. Koma tsoka likagwa linkagwera mudzi umodzi. Pa 13 Okutobala 1915 divishoni ya 46, ya ku North Midland, inalamulidwa kulanda linga la Germany la Hohenzollern pafupi ndi Loos ku France. Inataya amuna 3,763, akufa ndi ovulala, ambiri a iwo m'mphindi zoyambirira. Makalata a maliro anapita ku matauni omwewo a Staffordshire, Lincolnshire ndi Leicestershire, misewu ina khomo ndi khomo. Divishoni yomweyi ndi imene pa 29 Sepitembala 1918 inawoloka ngalande ya St Quentin m'chifunga, asilikali atavala malamba oyandamitsa otengedwa m'sitima za pa English Channel, n'kuboola mzere wa malinga a Germany wotchedwa Hindenburg ndi kugwira akaidi oposa 4,000. Koma pofika nthawi imeneyo lamulo lokakamiza usilikali la 1916 linali litasakaniza anthu, moti dzina la dera linangotsala pa baji.

Nkhondo itatha gululi linakonzedwanso, n'kupatsidwa dzina la Territorial Army mu 1921, ndipo tsopano aliyense wolowa ankavomereratu kuti angathe kutumizidwa kunja. Ndalama zokha ndi zimene sizinabwere. Mu Malichi 1939, Hitler wa ku Germany atalanda Prague, likulu la Czechoslovakia, nduna ya zankhondo Leslie Hore-Belisha inalengeza mwadzidzidzi kuti TA ichulukitsidwa kawiri. Kulengeza n'kosavuta. Aphunzitsi, mfuti ndi magalimoto sizinachuluke kawiri, kotero gulu lililonse linangong'ambidwa pakati. Zotsatira zake zinaoneka mu Meyi 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Madivishoni atatu, ya 12, ya 23 ndi ya 46, anatumizidwa ku France kukakumba ndi kumanga njanji ndi mabwalo a ndege, opanda mizinga yawo, ena asanamalize n'komwe maphunziro. Akasinja a Germany atabowola, anthu amenewa ndi amene anaikidwa panjira, ndipo divishoni ya 12 inaphwanyidwa m'dera la Amiens ndi Abbeville mpaka siinadzukenso. Divishoni ya 51 ya ku Highland inazingidwa ku Saint-Valery-en-Caux n'kugonja pa 12 Juni 1940, ndipo amuna pafupifupi 10,000 anatengedwa ukaidi. Komabe magulu a TA amene anapeza nthawi ndi zida anadzakhala m'gulu la odalirika kwambiri: divishoni ya 50 ya ku Northumbria ndi imene inatsika pa gombe la Gold ku Normandy, ku France, pa 6 Juni 1944.

Zaka zotsatira tingazidutse mofulumira. Usilikali wokakamiza unatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1967 boma linadula gululi kwambiri, kufafaniza madivishoni ake onse ndi kulisintha dzina, ndipo dzina la TA linabwerera patapita zaka zoposa khumi. Nthawi ya mkangano wa mayiko a azungu ndi Soviet Union ntchito yake inali yomveka: nkhondo ikayamba, awoloke msanga kukalimbitsa asilikali a Britain amene ankakhala ku West Germany. Ankayeserera zimenezi, monga pa zoyeserera zazikulu za Lionheart mu 1984. Nkhondoyo siinabwere, ndipo m'badwo wathunthu wa a TA unalowa n'kupuma osaitanidwapo.

Lamulo la 1996 ndi limene linatembenuza zinthu. Kale boma linkaitana gululi pokhapokha dziko likakhala pa ngozi yaikulu, ndipo linkaitana lonse. Tsopano linapatsidwa mphamvu yoitana munthu mmodzimmodzi kapena kagulu, ngakhale pa ntchito yosungitsa mtendere kapena yothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, oyembekezera pafupifupi 9,500 anaitanidwa mokakamiza, ambiri a iwo a TA, ndipo aka kanali koyamba kuitana anthu ochuluka chotere chichitikire nkhondo ya ku Suez mu 1956. Munthu ankalandira envulopu kunyumba yomuuza tsiku lokaonekera ku Chilwell, pafupi ndi Nottingham. Kumeneko ankamupima thupi ndi mano, kumupatsa zida, kumukumbutsa maphunziro masiku ochepa, kenaka ndege. Ena anapatsidwa masabata awiri okha kuti akonze za banja, za ngongole ya nyumba ndi za kuntchito. Kuchokera pamenepo, ku Iraq ndi ku Afghanistan kunkakhala oyembekezera nthawi zonse, ndipo ena anafera komweko.

Apa ndi pamene pamalowa munthu wachitatu amene nkhani za asilikali sizimutchula kawirikawiri: bwana wa kuntchito. Msilikali woyembekezera ali ndi mabwana awiri, ndipo akaitanidwa angathe kuchoka mpaka miyezi 12, kuphatikiza maphunziro ndi tchuthi cha pobwera. Lamulo la 1985 limakakamiza wolemba ntchito kumubwezera pa ntchito yake akabwerako, ndipo kumuchotsa chifukwa choti angathe kuitanidwa ndi mlandu. Boma limalipira msilikaliyo nthawi yonse imene wachoka, kumuwonjezera ngati malipiro a kuntchito kwake anali okwera, kuthandiza bwana ndi ndalama zopezera wogwirizira, ndipo makampani ang'onoang'ono amapatsidwa mpaka mapaundi 500 pamwezi. Bwana angathenso kudandaula kuti munthuyo asatengedwe ngati kuchoka kwake kugwetse bizinesi. Papepala zonse zili bwino. Koma kampani ya anthu 5,000 ndi galaja ya amakaniko anayi sizimva kupweteka mofanana, ndipo palibe lamulo limene lingaone mumtima mwa bwana pamene akusankha woti amukweze pa udindo.

Pa mbali imodzi, ndondomekoyi imaposa china chilichonse chimene boma likanachita. Dokotala wa opaleshoni amene amasoka ovulala pa ngozi za pamsewu sabata iliyonse m'chipatala cha boma amakhala wakuthwa kuposa amene akungodikira nkhondo m'baraki. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya achipatala a asilikali a Britain ndi oyembekezera, ndipo magulu awo ankasinthana poyendetsa chipatala cha ku Camp Bastion ku Afghanistan. Amalawi ogwira ntchito m'zipatala za ku Britain mwina anakumanapo ndi mnzawo wa pa wodi amene amasowa miyezi ingapo n'kubwera atapsa ndi dzuwa. N'chimodzimodzinso ndi akatswiri a makompyuta, a zinenero, a njanji ndi a madoko: luso lawo amalinola ndi ndalama za wina, boma n'kungolibwereka. Mu 2020, matenda a Covid-19 atavuta, boma linalengeza kuti liitana oyembekezera okwana 3,000, ndipo ambiri anathandiza kunyamula zipangizo ndi kuyeza anthu. Kumene ndondomekoyi imafooka ndi kwa asilikali oyenda pansi ndi a akasinja, chifukwa luso limenelo kulibe ofesi kapena fakitale imene imaphunzitsa, ndipo masiku 27 sangafanane ndi chaka chathunthu.

Boma limadziwa zimenezi, koma bajeti ikathina limaiwala. Mu Okutobala 2009, asilikali a TA ali m'kati momenya nkhondo ku Afghanistan, unduna wa zachitetezo unaimitsa maphunziro a gululi kwa miyezi ingapo kuti upulumutse mapaundi 20 miliyoni. Aphungu a mbali zonse anakwiya, ndipo nduna yaikulu Gordon Brown anabweza chigamulocho patangopita masabata ochepa. Boma lotsatira la David Cameron linabwera ndi pulani ina: kuchepetsa okhazikika kuchoka pa 102,000 kufika pa 82,000, n'kukweza oyembekezera ophunzitsidwa kuchoka cha m'ma 19,000 kufika pa 30,000. Dzina la Army Reserve linabwera ndi pulani imeneyi, pofuna kusonyeza kuti tsopano ndi gulu limodzi ndi okhazikika. Kuchotsa anthu ntchito kunayenda pa nthawi yake. Kulemba atsopano kunatsalira, ndipo ofesi yolondoloza ndalama za boma inadzudzula mu 2014 kuti unduna unadula okhazikika usanatsimikize ngati owalowa m'malo adzapezeka. Mu 2016 unduna unasintha kawerengedwe kake kuti womaliza gawo loyamba lokha la maphunziro aziwerengedwa ngati wophunzitsidwa. Ngakhale ndi kawerengedwe kofewako, 30,000 ija siinakwane.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, kuyambira mu Febuluwale 2022, yabwezeretsa funso lakale lija patebulo. Yaonetsa kuti nkhondo ya mayiko akuluakulu imadya anthu ndi zida mofulumira kuposa mmene okonza mapulani ankaganizira, ndipo amene amapirira ndi amene ali ndi mzere wachiwiri ndi wachitatu. Finland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni, lingathe kusonkhanitsa asilikali 280,000 pa nthawi ya nkhondo chifukwa anyamata ake amakakamizidwa kuphunzira usilikali kenaka n'kukhala oyembekezera. Britain, yokhala ndi anthu oposa kakhumi kuchuluka kwake, ili ndi asilikali apamtunda okhazikika osakwana 75,000 ndi oyembekezera ophunzitsidwa osafika 30,000. Za usilikali wokakamiza boma lakana. Lipoti lalikulu lounika chitetezo limene linatuluka mu Juni 2025, motsogozedwa ndi Lord Robertson amene anakhalapo mlembi wamkulu wa mgwirizano wa zachitetezo wa NATO, linati oyembekezera awonjezeke ndi 20 pa 100 aliwonse. Linawonjezera kuti izi zichitike ndalama zikadzapezeka, mwina m'zaka za m'ma 2030.